Kulondera Kapena Kuzonda? Za Makina Owerenga Mpweya ndi Mtima wa Munthu

Mtima wa munthu wamkulu umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku, ndipo chifuwa chake chimakoka mpweya pafupifupi ka 20,000. Palibe mmodzi wa ife amene anachezerapo usiku kuwerenga zimenezi. Ife tikagona mtima sugona, ife tikaiwala mapapo saiwala, ndipo kaundula wa chiwerengero chonsechi ali kwa Allah, Mwini kupereka mpweya woyamba ndi kulandira wotsiriza. Koma masiku ano ana a Adam apanga tizipangizo tovala pathupi, tina pachala, tina pamkono, tina pachifuwa, timene timawerenga kupuma ndi kugunda kwa mtima usana ndi usiku, n'kumatumiza manambalawo ku makompyuta a anthu ofufuza za matenda. Funso loti tiliganizire pamodzi ndi ili: diso lotereli likakhala pathupi la munthu, kodi ndi diso la mlonda kapena la kazitape?

Nkhaniyi si ya kutali. Mwana wa kuno ku Nayuchi akadwala chibayo, ulendo wake timaudziwa: chipatala chathu chaching'ono, kenako chipatala cha boma la Machinga ku Liwonde, ndipo zikakanika kumeneko, Zomba Central. Ku Zomba komweko, ndiponso ku Queen Elizabeth mu Blantyre, kwachitika kafukufuku wotchedwa IMPALA, momwe madokotala a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi anzawo a ku Netherlands ayesa makina oyang'anira mosalekeza kupuma, mtima ndi mpweya wa m'magazi mwa ana odwala kwambiri. Ku Queen Elizabeth kunayesedwanso kalamba kotchedwa BreathAlert, kopangidwa ndi akatswiri a ku Rice University ya ku America. Kamamangidwa pachifuwa cha khanda lobadwa masiku asanakwane, ndipo khandalo likaleka kupuma, kalambako kamanjenjemera kuti kalidzutse. Choncho n'zotheka ndithu kuti mayi wochokera m'mbali mwa nyanja ya Chiuta adzapatsidwe pepala m'wodi ndi kufunsidwa ngati akulola kuti mwana wake alowe m'kafukufuku wotere. Ndi bwino kuti nyumba zathu ziganizire yankho tsikulo lisanafike.

Tiyambe ndi ubwino wake, pakuti ulipo. Alangizi a zaumoyo m'midzi mwathu amavundukula malaya a mwana, n'kuyang'ana chifuwa chake kwa mphindi yathunthu ali ndi kawotchi m'manja. Mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akamapuma ka 50 kapena kuposerapo pa mphindi, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akamapuma ka 40, amati chibayo chingakhale chalowa. Njirayi yapulumutsa ana ambiri. Komabe tsiku lili ndi mphindi 1,440, ndipo namwino amene watsala yekha ndi wodi yodzaza pakati pa usiku sangaime pa bedi lililonse mphindi zonsezo. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Makinawa ndi kuyesayesa kwa munthu kuti chakudzacho chimvekeko msanga: mpweya ukayamba kutsika m'magazi, belu lilire milomo ya mwana isanasinthe mtundu.

Luso limeneli linakula pang'onopang'ono. Norman Holter wa ku America anapanga chipangizo chojambula mtima wa munthu ali kuyenda, ndipo choyambirira chake, cha m'ma 1940, chinkalemera makilogalamu oposa 30, chobereka kumsana ngati thumba la mpunga. Mu 1974 Takuo Aoyagi wa ku Japan analembetsa nzeru imene inabala kachipangizo kopana chala kamene tinakazolowera nthawi ya Covid-19. Kamawalitsa kuwala kwa mitundu iwiri kudutsa m'chala, ndipo popeza magazi okhuta okosijeni amamwa kuwalako mosiyana ndi magazi osowa okosijeni, kamadziwa kuchuluka kwa mpweyawo. Asilamu sitili alendo panjira imeneyi. Ibn al-Nafis, sing'anga wa mu Cairo amene anamwalira mu 1288, analemba kuti magazi amachoka mbali ya kumanja ya mtima, n'kudutsa m'mapapo kukakumana ndi mpweya, asanabwerere mbali ya kumanzere. Analemba zimenezi zaka mazana angapo madokotala a ku Ulaya asanazifotokoze.

Pa maziko a Shariya, kuteteza moyo ndi chimodzi mwa zolinga zisanu zimene maulama monga Imam al-Ghazali anazilongosola, pamodzi ndi chipembedzo, nzeru, mbumba ndi chuma. Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analimbikitsa kufunafuna mankhwala, ndipo munthu amene anafuna kusiya ngamira yake yosamanga ponena kuti wayadzamira mwa Allah anauzidwa kuti ayambe waimanga. Wovala kachipangizo kotere sanachepetse tawakkul yake, wamanga ngamira. Tikunena izi poyera chifukwa tikukumbukira chaka cha 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu osalakwa n'kuphedwa, ntchito zina zachithandizo n'kuima. Kachipangizo kopana chala sikayamwa magazi. Wofalitsa bodza lotere amasenza tchimo la mayi aliyense amene athawe m'chipatala usiku ndi mwana wodwala kumsana.

Komabe kunena kuti chinthu n'chololedwa sikutseka nkhani. Imasimbidwa nkhani ya Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, kuti anaitanidwa kwa mnyamata amene ankangofooka popanda nthenda yooneka. Anagwira mtsempha wa padzanja lake, n'kuuza munthu wina kuti azitchula mayina a madera, kenako a misewu, kenako a nyumba ndi a okhalamo. Pa dzina lina mtsempha unathamanga, ndipo sing'angayo anazindikira kuti nthendayo inali chikondi chimene mnyamatayo ankabisa. Phunziro lake kwa ife n'lakuti mtima umaulula zimene lilime latsekera. Ngati chala cha sing'anga chinamva chinsinsi m'kanthawi kochepa, nanga kalamba kovala sabata yathunthu kadzamva zingati? Kadzasonyeza ola limene munthu wagona ndi limene wadzuka ku swala ya usiku, nthawi imene anachita mantha, nthawi imene mkwiyo unamugwira, ngakhalenso nthawi za m'chipinda zimene Chisilamu chinaziphimba ndi nsalu yokhuthala. Surah al-Hujurat imatiletsa kuzondana ndi kufukula zobisika za anzathu. Lamulolo silinathe mphamvu chifukwa choti wozondayo tsopano ndi waya ndi batire.

Nanga mlonda amasiyana bwanji ndi kazitape, poti onse awiri amachezera usiku ali maso? Mlonda anaitanidwa ndi mwini nyumba, amadziwika malire ake, ndipo akaona mbala amadzutsa mwini nyumbayo. Kazitape amalowa mosadziwika, n'kupita ndi zimene waona kwa ena kuti iwo apindule nazo. Chipangizo n'chimodzimodzi m'manja mwa onse awiri. Chowasiyanitsa ndi chilolezo, kusunga amana, ndiponso kumene phindu likupita.

Za chilolezo, Malamulo Aakulu a dziko lathu, m'gawo 19, amaletsa kuchita kafukufuku wa zachipatala pa munthu iye asanavomere, ndipo makomiti monga COMREC ndi NHSRC anaikidwa kuti aziunika kafukufuku asanayambe. Koma chidindo cha chala papepala sichikwanira kukhala chilolezo pamaso pa Allah. Taganizirani mayi amene bambo a ana ake ali ku Joni, atsibweni a mwanayo ali kutali kudambo la mpunga, iye sanagone masiku atatu ndipo chinenero cha mumtima mwake ndi Chiyao. Munthu wovala zoyera akamuuza kuti dindani apa, kodi angayerekeze kukana? Pa malonda a mbuzi chabe, Shariya imafuna kuti mbali zonse zikhutire popanda kukakamiza kapena kubisa chilema. Kuli bwanji pa mpweya wa mwana! Ofufuza afotokoze m'chinenero chimene mayiyo amamva, apereke mpata woti aimbire foni abale ake, ndipo anene momveka kuti akakana, mwana adzalandirabe chithandizo chonse. Ndalama ya thiransipoti ikhale yobwezera zimene munthu wawononga, isasanduke nyambo ya mbedza kwa wosauka. Ndipo popeza makinawa amawerenga tsiku ndi tsiku, chilolezonso chikhale cha tsiku ndi tsiku: wovomera Lolemba ali ndi ufulu wovula Lachitatu popanda kuchititsidwa manyazi.

Za amana, thupi si katundu wathu woti tingagulitse, tinangosungitsidwa. Manambala ochokera m'thupilo ndi gawo la chosungitsidwacho, ndipo wowalandira wasenza amana yachiwiri pamwamba pa yoyamba. Mu 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act loteteza mbiri za anthu zosungidwa m'makompyuta. Si mwano kufunsa kuti: manambalawa akasungidwa kuti, kwa zaka zingati, adzawaona ndani, dzina la mwana wanga lidzachotsedwapo kodi, ndipo adzatuluka kunja kwa dziko? Wofufuza woona mtima sakwiya ndi mafunso otere.

Za phindu, pali mfundo imene ikutikakamiza kuti tisangokhala okana. Mu 2020 madokotala a ku University of Michigan anapeza kuti kachipangizo kopana chala kaja kamalephera kuzindikira kuchepa kwa mpweya mwa odwala akhungu lakuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Nambala imaoneka yabwino pamene wodwalayo ali pangozi. Chipangizo chimene sichinayesedwe mokwanira pa khungu longa lathu chikhoza kutinamiza ife tomwe. Tikathawa kafukufuku yense, zidzukulu zathu zidzapimidwa ndi muyeso wa anthu ena, ndipo Msilamu amadziwa kulemera kwa nkhani ya sikelo yosalungama. Choncho kulowa m'kafukufuku woyendetsedwa bwino, ndi niya yothandiza odwala a m'tsogolo, kukhoza kukhala sadaka imene malipiro ake sadukiza. Koma chilungamo chimayenda mbali ziwiri. Ngati zifuwa za ana a ku Machinga ndi Balaka zathandiza kukonza makina, si bwino kuti kafukufuku akatha makinawo akwere ndege, kapena abwerere ndi mtengo umene zipatala zathu sizingaufike. Njanji imene imadutsa pakhomo pathu yatiphunzitsa kuti katundu wamtengo wapatali akhoza kudutsa tsiku lililonse osatsika ngakhale thumba limodzi.

Belu nalonso lili ndi udindo wake. Likalira pasakhale wobwera, kapena wobwerayo apeze kuti okosijeni palibe, makinawo angosanduka mboni ya imfa. Wolonjeza kulondera ayenera kukonzekeranso kuyankha. Ndipo belu silinena zoona nthawi zonse. M'kafukufuku wa mawotchi a Apple amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019, anthu oposa 419,000 anatenga nawo mbali, ndipo mwa ochenjezedwa amene pambuyo pake anavala kachipangizo kotsimikizira pachifuwa, nthendayo inapezeka mwa 34 pa 100 alionse. Dzanja lozizira kapena mwana wophiriphitha akhoza kusokoneza nambala. N'chifukwa chake gadiyani asaleke kuyang'ana nkhope ya wodwala wake poyang'ana galasi la makina. Mayi akaona kuti mwana wasintha, aitane namwino ngakhale makina ali chete.

Pa za twahara, nkhani si yovuta. Kalamba ka pamkono kali ngati wotchi: kasunthidwe kuti madzi a wudhu afike pakhungu. Komata pachifuwa sikakhudza ziwalo za wudhu, koma posamba thupi lonse funsani anamwino ngati kangachotsedwe; ngati kuchotsako kungavulaze wodwala, maulama amalola kupaka madzi pamwamba monga timachitira ndi bandeji. Amene sakudwala koma wangodzipereka m'kafukufuku afunse za kasambidwe asanavomere. Mlongo wathu ali ndi ufulu wopempha kuti womumata pachifuwa akhale mkazi mnzake, pamalo otchinga, ndipo ofufuza olemekeza anthu amakonzeratu zimenezi.

Chotsala n'chakuti tisapatse makina ulemerero umene si wawo. Batire limatha, magetsi amazima, waya amaduka; Woyang'anira amene sagwidwa ndi tulo ndi Mmodzi yekha. Nambala yabwino si lonjezo lakuti mawa tilipo, ndipo nambala yoipa si chigamulo cha imfa, pakuti nthawi ya aliyense inalembedwa kumene kompyuta siifika. Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anatiphunzitsa za kanyama ka m'thupi kamene kakalungama thupi lonse limalungama, ndipo anati kanyamako ndi mtima. Makina adzatiuza kuti kakugunda ka 80 pa mphindi, koma sadzatiuza ngati kakugunda ndi kaduka kapena ndi kulapa. Kulondera kumeneko kunasiyidwa m'manja mwa mwini mtima. Tikadzapatsidwa pepala lija, tidzafunse mafunso athu modekha ndi mwaulemu. Mayankho akakhala omveka, tidzavomere ndi niya yabwino, ndipo akakhala obisika, tidzakane popanda mantha. Allah ndiye Wodziwa koposa.