Za Ana Athu ndi Masamu



Alipo mau amene amveka kawirikawiri m'midzi mwathu, ndipo mwezi uno tifuna kuwatsutsa. Mwana akabwera kuchokera kusukulu atalephera samu, atate ake amati, "Mlekeni, pamtundu pathu palibe mutu wa masamu." Akakhala wamkazi, amai ake aonjeza kuti, "Masamu adzachita nawo chiani?" Mwanayo amva, nakhulupirira, m'mawa mwake alowa m'kalasi atagonja kale, mphunzitsi asanagwire choko. Mau otere achimwira mwana, achimwiranso Mulungu amene anampatsa nzeru.

Taonani mwana yemweyo madzulo pansi pa mtengo wa mango, alikusewera bawo. Mabowo ndi 32, njere ndi 64. Koma iye adziwa pamene njere yake yomaliza idzagwera dzanja lisananyamuke, ndipo achenjerera ndi akulu omwe. Mlongo wake agulitsa zitumbuwa pa steshoni ya Nkaya, nabweza chenje osalakwa ndi tambala yomwe. Kodi amenewa ndiwo ouma mutu? Iai. Chimene asowa ndi munthu wowauza kuti zimene achita pabwalo ndi zimene alemba m'kope ndi chinthu chimodzi. Makolo athu, kwacha isanabwere mu 1971, anali kuwerenga makobiri 12 pa shilingi, ndi mashilingi 20 pa paundi, ambiri a iwo osadziwa kulemba dzina lao. Tsono ife a tambala 100 pa kwacha tidandaula chiani?

Kumbukirani mbusa uja wa m'fanizo la Ambuye. Anali ndi nkhosa 100, nazindikira kuti imodzi yasokera pakuti anaziwerenga napeza 99. Akadakhala woopa chiwerengero, akadagona tulo tokoma, nkhosa yake nidyedwa ndi afisi. Ndipo tsiku lija anadyetsa khamu ndi mikate 5 ndi nsomba 2, Ambuye analamula kuti makombo asatayike, ndipo ophunzira anawerenga madengu 12.

Eklezia sanaope masamu ndi kale lomwe. Gerbert wa ku Aurillac, amene anakhala Papa Silvester II m'chaka cha 999, anali mphunzitsi wa chiwerengero asanakhale pa mpando wa Petro. Kalendala imene ipachikidwa m'nyumba zanu inakonzedwa mu 1582 pa lamulo la Papa Gregorio XIII, ndi thandizo la wansembe wodziwa masamu, Christopher Clavius. Ndipo inu amai onyoza ana anu aakazi, imvani za Maria Gaetana Agnesi wa ku Milan: mu 1748 anatulutsa buku lalikulu la masamu limene anthu ophunzira a maiko ambiri analitama, ndipo pambuyo pake anapereka moyo wake wonse kutumikira odwala ndi osauka. Ansembe a Montfort amene anafika ku Nzama mu 1901, nakhazika mishoni ya Utale mu 1908, pomanga masukulu a m'midzi anaika kuwerenga, kulemba ndi masamu pamodzi ndi katekisimu.

Tsopano kwa inu aphunzitsi. Tidziwa kulemera kwa katundu wanu. Chiyambire 1994, pamene boma linachotsa fizi m'masukulu a pulaimale, alipo ena a inu amene aima patsogolo pa ana oposa 100 m'kalasi imodzi. Koma tikupemphani, ikani pansi mkwapulo pa nthawi ya masamu. Mwana womenyedwa chifukwa cha 7 kuchulukitsa ndi 8 saphunzira 56. Aphunzira kubisala kumbuyo kwa mnzake. Akalakwa, mfunseni njira imene anayenda, pakuti kawirikawiri waphonya phazi limodzi lokha, ndipo anzake khumi aphonya pomwepo ali chete. Mtumeni atole timiyala, njere za bwemba, timitengo tomanga mitolo ya khumikhumi; agwire ndi manja ake asanalembe. Ndipo samu zanu zinunkhe kwathu kuno: mpunga wa ku Chilwa, nsomba za ku Chiuta, thonje la ku Balaka. Pakuti mlimi wosadziwa kuchulukitsa makilo ndi mtengo wake aima pa sikelo ngati wakhungu, ndipo wogula wosaopa Mulungu amdyera thukuta lake la chaka chonse iye alikuthokoza.

Makolo, simusowa kudziwa kulemba kuti muthandize. Pokolola, muitaneni mwana awerenge matumba, agawe ndi miyezi yotsala kufikira chimanga chatsopano, akuuzeni ngati nkhokwe idzafika Febuluwale. Akapeza bwino, muyamikeni pamaso pa abale ake. Ndipo Lamulungu likudzali, akulu a mpingo powerenga chopereka itatha Misa, aitane ana awiri a Sitandade 5, mnyamata ndi mtsikana, akhale nao pa mphasa, awerenge pamodzi.