Gogo Toda ndi Dokotala Wachiyuda

Amayi anzanga mwa Khristu, mawu athu mwezi uno akuchokera pa 2 Mafumu 5. Namani anachira khate m'dziko la adani ake chifukwa kamtsikana kogwidwa ukapolo sikanabise kuti ku Samariya kuli mneneri.

Zofanana nazo zinachitika ku Spain. M'chaka cha 958, Sancho, mfumu yachikhristu ya ku León, analandidwa ufumu. Anali atanenepa mpaka kulephera kukwera hatchi, ndipo nduna zinamukana. Agogo ake, Mfumukazi Toda ya ku Pamplona, sanangokhala n'kumalira. Ndi ukalamba wawo womwewo anamutenga mdzukuluyo ulendo wautali kupita ku Córdoba, likulu la Asilamu, kwa mfumu Abd al-Rahman III. Amene anamupatsa chithandizo anali Myuda, Hasdai ibn Shaprut, dokotala wa kunyumba yachifumu. Thupi linatsika, ndipo pofika 960 Sancho anali atakhalanso pampando mothandizidwa ndi asilikali achisilamu.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino timakhudzidwa kwambiri ndi nkhani ina ya Hasdai yemweyo. Mfumu ya ku Constantinople inatumiza ku Córdoba mphatso ya buku la Dioscorides lofotokoza za mankhwala azitsamba, koma linali m'Chigiriki. Mu 951 kunabwera mmonke wachikhristu, Nicholas, ndipo anakhala pamodzi ndi Hasdai ndi madokotala achisilamu kuzindikira chitsamba chilichonse ndi dzina lake m'Chiarabu. Taganizani, amayi: aliyense ankapemphera tsiku lake, wina Lachisanu, wina Loweruka, wina Lamulungu. Palibe anasiya chikhulupiriro chake. Koma ankadziwa kuti dzina la chitsamba likalakwika, wodwala afa.

Tisanamizane kuti kunali paradaiso. Akhristu ndi Ayuda ankalipira msonkho wapadera ndipo sankafanana ndi Asilamu pamaso pa lamulo. Mu 1066 Ayuda ambiri anaphedwa ku Granada mu ulamuliro wa Asilamu. Mu 1492 mafumu achikhristu, Ferdinand ndi Isabella, analamula Ayuda onse kubatizidwa kapena kuchoka m'dzikolo. Chimenechi chikhale chotichititsa manyazi ifeyo, pakuti anachichita m'dzina la mtanda.

Ambiri a ife, makamaka ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, timatunga madzi pamjigo umodzi ndi amayi achisilamu, ndipo ena ndi apongozi athu enieni. Nanga tikamayendera odwala titavala yunifomu, n'chifukwa chiyani khomo lawo timalilumpha? Mwezi uno gulu lililonse lilowe m'nyumba ya mnansi wachisilamu amene akudwala. Tengani ufa ndi sopo monga mwa nthawi zonse, musesereni, mumutungire madzi. Ndiwo zankhumba musatenge, ndipo musanapemphere m'nyumbamo, yambani mwapempha chilolezo kwa eni khomo.