Kodi Nyimbo ya Munthu Mmodzi Ilipo?

Munthu akapeka nyimbo ali yekhayekha pakati pa nyanja, popanda khutu lina lomumva, tinene kuti wayimba?

Maiko ena kuli akatswiri amene amapalasa kabwato kotchedwa kayak masiku angapo, akujambula kulira kwa mafunde ndi mbalame, kenaka nkusakaniza ndi zoyimbira. Nyimbo zotere amazitcha ambient, dzina limene Brian Eno adalitchukitsa mu 1978 ndi chimbale chake cha Music for Airports. Sizikukakamiza kuvina, zimangokukuta ngati nkhungu ya pa Mulanje.

Ife a ku Ndirande tikhoza kuseka. Kwathu kuno phokoso sitichita kulisaka: chigayo, okhoma zidebe, oyitanira minibasi. Chimatisowa ndi bata.

Komatu ine ndikuti wopalasayo sali yekha ayi. Msodzi wa usipa ku Chembe akamang'ung'udza usiku pabwato, kayimbidweko adakatenga kumtunda, kwa amayi ake. Khutu lomva kukoma kwa nkhwazi lidaleredwa ndi anthu. Paja akulu adati kalikokha nkanyama.

Tsono nyimboyo ndi ngongole, abale. Bata adakalitapa kutaliko abwere nalo, nafenso a mmbali mwa Nasolo tilaweko. Akalibisa, wadya yekha.