Makina Akaona Khansa, Mboni Ndani?

Mwana akatuluka chotupa pansagwada, kapena mayi akamataya magazi nthawi yosayenera, dokotala amene wamugwira sangathe kunena motsimikiza kuti iyi ndi khansa. Amadula kachidutswa ka mnofu, nthawi zina kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukatumiza kwa dokotala wina amene odwala samuona nkhope. Ntchito ya dokotala wachiwiriyu ndi kuyang'ana maselo pa maikulosikopu ndi kunena chimene chili m'thupimo, ndipo mankhwala a khansa sayambika iye asanalankhule. Madokotala oterewa ndi owerengeka m'dziko muno. N'chifukwa chake kachidutswa kochokera kuno ku Chowe, ku Namwera kapena m'mbali mwa nyanja kamayenda ulendo wa kumizinda ikuluikulu, banja n'kutsala likudikira pamene chotupa chikukula.

Kachidutswako kakafika ku labotale kamakhala katanyikidwa kale m'mankhwala otchedwa formalin kuti kasawole. Amakaumitsa m'phula, n'kukasenga ndi mpeni wa makina mopyapyala kuposa tsitsi la munthu kakhumi ndi kupitirira, kenaka amakayala pakagalasi ndi kukanyika mu utoto wa mitundu iwiri: wina umadetsa mitima ya maselo kukhala yabuluu, wina umafiiritsa zotsalazo. Kwa zaka zoposa 100 chotsatira chinali chimodzi: munthu kuwerama pa maikulosikopu. Lero kuli makina amene amajambula kagalasi konseko pang'onopang'ono, n'kulumikiza zithunzi zambirimbiri kukhala chithunzi chimodzi chachikulu chimene chingatumizidwe pa intaneti ndi kukulitsidwa pa kompyuta.

Zimenezi zinafika kale kwathu. M'chaka cha 2011 pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe panatsegulidwa labotale yopima mnofu, mothandizana ndi University of North Carolina ya ku America. Labotaleyi inalandira makina ojambulira magalasi a Aperio, ndipo madokotala a kuno, monga Dr George Liomba ndi pambuyo pake Dr Tamiwe Tomoka, amene ndi mayi woyamba m'Malawi kukhala katswiri wa ntchitoyi, anayamba kumakumana ndi anzawo a ku Chapel Hill sabata ndi sabata, aliyense ali kwawo, onse akuyang'ana chithunzi chimodzi, makamaka pa khansa ya m'mwanabere. Apa palibe chovutitsa mtima. Maso ndi a anthu, ndipo chimene makina achita n'kufupikitsa mtunda.

Chovuta chili pa sitepe yotsatira. Kompyuta ikaonetsedwa zithunzi zikwizikwi zimene akatswiri anazilemba kale kuti apa pali khansa, apa palibe, imafika poti n'kumaloza yokha pachithunzi chatsopano. Ndi zimene ambiri akuzitchula kuti AI. Mu September 2021 bungwe la FDA ku America linavomereza pulogalamu yoyamba yotere, Paige Prostate, yoloza malo okayikitsa pa mnofu wa prostate ya abambo. Chaka chomwecho kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa pakachipatala ka Kinondo m'boma la Kwale ku Kenya, kugombe kumene kuli abale athu ambiri Achisilamu. Maselo a pakhomo la chiberekero a amayi 740 amene ali ndi HIV anajambulidwa pomwepo, zithunzi zinatumizidwa kudzera pa netiweki ya mafoni, ndipo pulogalamu inasonyeza luso makamaka posankhula magalasi opanda vuto. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri koposa padziko lonse, choncho n'zosakayikitsa kuti makina oterewa adzagogoda pakhomo pathu.

Funso limene likutikhudza ife Asilamu ndi ili. Kunena kuti m'thupi la wakutiwakuti muli khansa ndi umboni, ndipo ndi umboni wolemera, chifukwa pa mawu amenewo chiberekero chimachotsedwa, mwendo umadulidwa, banja limagulitsa bwato. M'malamulo athu mboni ndi munthu wanzeru zake, wachilungamo, amene angafunsidwe ndi kutsutsidwa, ndipo adzafunsidwanso pa Tsiku la Chiweruzo. Makina alibe chimodzi mwa zimenezi. Nanga akalankhula, umboniwo ndi wa yani?

Ena adzathamangira ku chitsanzo cha mwezi wa Ramadhan: chipangizo choonera kutali chimathandiza diso, koma amene amaima pamaso pa mashehe ndi munthu amene wauona. Chitsanzochi n'chokwanira pa nkhani ya ku Lilongwe ija. Pa pulogalamu yophunzitsidwa chikuperewera, pakuti galasi loonera kutali silisankha kanthu, pamene pulogalamuyi imasankha yokha pofunika kuyang'ana. Ikachita ntchito yake, munthu sakhala ataona zonse zimene iyo yaona.

Ndikuona kuti fiqhi yathu ili ndi khomo loyandikira kwambiri nkhaniyi, ndipo ndi khomo limene ana a m'madrasa amalidutsa mothamanga poti masiku ano alenje achepa. Ndi khomo la kusaka ndi nyama yophunzitsidwa. Mu Surah Al-Ma'idah, ndime 4, Allah analoleza kudya chimene galu kapena mbalame yophunzitsidwa yagwirira mwini wake, dzina la Allah litatchulidwa. Taganizani za kudabwitsa kwa lamuloli. Galu sadziwa kuzinga, alibe niya, ndipo ife a mazhabu a Imam Shafi'i timamutenga kuti ndi najisi. Komabe gwape amene wafera m'kamwa mwake ndi halaal. Chifukwa chake n'chakuti Shariya ikuiwerengera ntchitoyo kwa mlenje. Iye ndiye anamuphunzitsa, iye ndiye wamutuma, iye ndiye watchula dzina la Allah. Galu amene wanyamuka yekha osatumidwa, nyama yake n'chibudu ngakhale atakhala waluso chotani.

Umo ndi mmene ndikuionera pulogalamu yowerenga mnofu. Ndi chinthu chophunzitsidwa, chothamanga kuposa mwini wake, chosatopa, chofika kumene iye sakanafika. Kuigwiritsa ntchito n'kololedwa, ndipo pamene odwala akufa ali pamzere wodikira, kuikana popanda chifukwa kungakhale kulakwira anthu. Koma chimene yagwira chimakhala umboni pokhapokha pali munthu wodziwika dzina amene waituma ndipo wavomera kuyankhapo. Ngakhale FDA, imene sidziwa za khomo la kusakali, inavomereza Paige Prostate ngati chothandizira chabe: pulogalamu iloze, koma wogamula akhale dokotala.

Tikafika pa mawu akuti "yophunzitsidwa" tiyenera kukhalitsapo. Maulama sanakhutire ndi mawu a mwini galu kapena a womugulitsa. Anati maphunziro ake aoneke m'zochita: akatumidwa apite, akaletsedwa aime, asadye chimene wagwira, ndipo zimenezi zibwerezedwe kufikira odziwa za ulenje atakhutira. Galu amene anazolowera akalulu a kudambo sitingamukhulupirire tsiku loyamba m'matanthwe a mapiri a Chowe. Mapulogalamu ambiri anaphunzira pa magalasi a zipatala za ku America ndi ku Ulaya, ndipo matenda a kumeneko si ofanana ndi athu. Kuno kunyanja mazira a likodzo amakhazikika m'chikhodzodzo ndi pakhomo la chiberekero, ndipo likodzo la zaka zambiri limatha kutsegulira njira khansa ya m'chikhodzodzo. Kuno kuli Kaposi sarcoma imene inachuluka ndi kubwera kwa HIV. Kuno kuli khansa ya ana imene Denis Burkitt anailongosola ku Uganda mu 1958, yokonda madera a malungo, imene imatupitsa nsagwada kapena mimba m'masiku owerengeka. Kuli TB ya m'mwanabere imene pakhosi imaoneka ngati khansa. Pulogalamu imene sinaonepo dzira la likodzo sidzanena kuti ichi sindikuchidziwa. Idzachiika m'gulu limodzi mwa magulu amene inaphunzira. Ngakhale kusiyana kwa kanyikidwe ka utoto pakati pa labotale ina ndi ina kumatha kuisokoneza. Choncho makina asanapatsidwe thupi la mayi wa ku Mangochi, ayesedwe pa magalasi a Amalawi, ndipo oyesawo akhale akatswiri athu, a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi a m'zipatala zazikulu, osati ogulitsa makinawo.

M'hadith ya Adi bin Hatim (Allah asangalale naye), imene ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) anamuletsa kudya nyama imene galu wadyako, chifukwa galu wotero amakhala kuti wadzigwirira yekha. Makina sadya, koma ali ndi eni ake amene amadya. Chithunzi cha mnofu wa wodwala sichiwola ngati mnofuwo. Chingakopedwe kambirimbiri, ndipo kwa kampani yopanga mapulogalamu n'chuma, chifukwa ndicho chakudya chophunzitsira makina. Sindikuona cholakwika kuti zithunzi za odwala athu ziphunzitse makina. Ndangonena kumene kuti popanda zimenezo makinawo sangatithandize. Chimene ndikukana n'chakuti zitengedwe mwini wake asanauzidwe m'chilankhulo chimene amamva, kaya Chichewa kaya Chiyao, kenaka pulogalamu imene yakhwima ndi matupi athu idzagulitsidwe kwa ife pamtengo umene sitingakwanitse. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu, Data Protection Act ya 2024. Kwa Msilamu nkhaniyi inali kale amana lamulolo lisanalembedwe.

Pano ndiyankhe mwachidule nkhawa imene amuna ena amakhala nayo, yoti chithunzi cha mkati mwa thupi la mkazi wawo chikaonedwa ndi anthu achilendo kutsidya kwa nyanja. M'kuona kwanga chithunzi cha maselo si umaliseche. Ndi timadontho tabuluu ndi tofiira timene ngakhale mwini wake sangatizindikire. Chofunika kubisidwa ndi dzina la wodwala ndi nthenda yake. Mwamuna amene waletsa mkazi wake kukapimidwa pa chifukwa chimenechi wateteza chimene sichinali pangozi, n'kuika pangozi moyo umene Allah anamusungitsa.

M'hadith yomweyo muli nkhani ya mlenje amene wapeza galu wina wachilendo pambali pa galu wake, osadziwa kuti wapha ndi uti. Analamulidwa kuti asadye, poti dzina la Allah analitchula pa galu wake yekha. Chimene chikundiopsa pa makina amenewa ndi chisokonezo chofanana nacho. Tsiku lina zotsatira zidzalakwika, monga zimalakwikira ngakhale m'manja mwa anthu. Banja lidzafunsa. Dokotala adzaloza makina, achipatala adzaloza kampani, kampani idzaloza amene ananyika utoto. Agalu adzakhala ambiri pa nyama imodzi, mlenje osaoneka. Ndipo ife tili ndi chizolowezi chimene chidzakulitsa vutoli: munthu akamva kuti "makina ndiwo aona" amatseka pakamwa, ngati kuti makina salakwa. Pepala la zotsatira liyenera kukhala ndi dzina la munthu, ndipo wodwala ali ndi ufulu wofunsa kuti dzinalo ndi la yani.

Pali lamulo linanso m'khomo limeneli: mlenje akaipeza nyama idakali ndi moyo, ayenera kuizinga yekha. Chilolezo chodalira galu chili pamene dzanja la mlenje silinathe kufika. Ndiye kuti pamene dokotala angathe kuyang'ana, ayang'ane, asangosayina chimene makina alemba. Ndikuvomera kuti apa m'pamene pali kulimbana kwenikweni, chifukwa phindu lalikulu la makinawa m'dziko losauka lili pa magalasi amene dokotala sadzawayang'ana konse. Ngati pulogalamu ingasankhule magalasi opanda vuto, monga anayesera ku Kinondo, dokotala mmodzi angathere nthawi yake pa okayikitsa okha, ndipo amayi ambiri angapimidwe. Koma galu amationetsa chimene wagwira basi. Gwape amene wamudutsa ali chibisalire m'tchire sitimudziwa. Makina akanena kuti pali khansa, munthu adzayang'ananso ndipo cholakwa chidzagwidwa. Akanena kuti palibe, mayi uja amabwerera kumudzi mtima uli m'malo, ndipo cholakwacho chidzaoneka patapita zaka, nthenda itafika posachizika.

Kodi tsono tikane kusankhula kotere? Ine sindikana. Mayi amene sanapimidwe n'komwe naye amabwerera kumudzi osadziwa kanthu, ndipo oterowo ndi amene achuluka lero. Shariya imatiphunzitsa kusenza vuto laling'ono pothawa lalikulu. Koma amene waika makinawo pantchito asenze udindo wa "palibe" aliyense amene makinawo anena, ngati kuti wamunena ndi pakamwa pake. Zimenezi zikutanthauza kumatengako ena mwa magalasi amene makina awayeretsa n'kuwapatsa munthu awayang'anenso, mwezi ndi mwezi, ndi kukhala wokonzeka kuwaimitsa makinawo akayamba kuphonya.

Kwa ife a m'makomo gawo lathu n'laling'ono koma lili m'manja mwathu. Dokotala akapempha kudula kachidutswa, tivomere msanga, pakuti ulemu wa thupi la Msilamu suletsa kudula kumene cholinga chake ndi kuchiza. Tifunse tsiku limene zotsatira zidzabwere, tisiye nambala ya foni yogwira ntchito, ndipo tsikulo likafika tipite. Pepala likanena kuti palibe kanthu koma magazi akupitiriza kutuluka kapena chotupa chikukulabe, tibwerere kuchipatala ndi pepalalo m'manja, tikapemphe kuti kagalasi kaja kayang'anidwenso ndi munthu.