Kodi Mkhristu angakambe kuti "sindili bwino"?



Pa Sondo munthu akakufunsani kuti muli bwanji, yankho timaidziŵa tonse: "Ndine wodalitsika!" Amen, ni zoona. Koma nanga ngati papita milungu itatu tulo osabwela, nsima siloŵa, ana akukamba nanu imwe maganizo ali kutali? Kuyankha kuti muli bwino pamenepo ni cikhulupililo, kapena ni bodza lovala suti?

Tsegulani Salimo 88 pa foni yanuyo. Ni ndakatulo ya Hemani, mavesi 18 cabe. Masalimo ambili odandaula amayamba na misozi n'kuthela m'citamando. Ili ayi. Layamba na kulila, lathela mumdima, anzake onse atamuthaŵa. Umboni wa cipambano mulibe. Munthu wotele akanaimilila kutsogolo pa nthawi ya maumboni, ena a ife tikanamulanda maikolofoni. Koma Mzimu Woyela sanafafanize ndakatuloyi. Ndipo onani vesi 1, 9 na 13: katatu konse Hemani akuti akali kuitana Mulungu. Madandaulo ake sanawapeleke kwina, anawatula kwa Atate.

Ena mudzati, "Si tinaphunzila pa Miyambo 18:21 kuti lilime lili na mphamvu? Tidzinenele bwanji zoipa?" Funso labwino. Koma kudzitembelela n'kwina, kuulula pomwe pakuŵaŵa n'kwinanso. Wodwala BP timamusanjika manja, maŵa apita ku kiliniki kukatenga mapilisi, palibe amene amati wabwelela m'mbuyo. Manje wina angochula Chainama, timayamba kuyang'anana. Cifukwa ciani? Ubongo nawo ni ciwalo ca thupi. Ngakhale dziko lathu mu 2019 linaika lamulo latsopano loteteza ulemu wa odwala maganizo. Mpingo usatsalile kumbuyo kwa boma pa nkhani ya cifundo.

Eliya, uja anaitanitsa moto pa phili la Karimeli, pa 1 Mafumu 19 tikumupeza pansi pa kamtengo akupempha imfa. Mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa mkate na madzi, n'kumusiya agone, n'kumudzutsanso kuti adye kaciŵili.

Ngati ndimwe muli mumdimawo, tengani kope lelo usiku mulembe salimo lanu, m'cilankhulo canu, mosakometsela. Likakana kuthela na "Aleluya", lisiyeni conco. Koma ngati maganizo odzipha ayamba kubwela, kope siyokwanila: uzani munthu lelo lomwe, abusa, mtsogoleli wa selo kapena m'bale wanu, ndipo akupelekezeni ku cipatala.

Ngati ni mnzanu amene wasoŵa kuchechi milungu ingapo, musamutumile vesi cabe pa WhatsApp. Pitani. Anzake a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osakamba kanthu. Imwe nyamulani ka buledi na shuga, mukakhale naye ngakhale ola limodzi.