Masiku asanu ndi atatu a Tomasi

Kuwerenga: Yohane 20:19-31



Tsiku lina titatuluka m'Cigwirizano, mai mnzathu wina anatsalira m'mbuyo. Anzathu onse atapita, anandikokera kuseri kwa chalichi, nayamba kulira asananene kanthu. Ine ndinaganiza za matenda kapena za banja, pakuti zotiliritsa kawirikawiri ndi zomwezo. Koma iai. Mwana wao wamwamuna anabwera pa chuthi kucokera ku sukulu yapamwamba ku Lusaka. Madzulo atakhala pa nsima, amai ake anati, "Mwanangu, tipempherere cakudya," monga anali kucitira kuyambira ali wamng'ono. Mnyamatayo anayankha mwaulemu ndithu: "Amama, pempherani ndinu. Ine ndinaleka kukhulupirira kuti kuli Mulungu, ndipo sindifuna kukunamizani."

Nsima inazizira m'mbale. Atate ake anakwiya, nati ngati ndi tero mnyamatayo akafune kwina kogona. Ndipo amai aja anandifunsa funso limene linawasowetsa tulo: "Kodi ndinalakwa pati? Tinam'batiza ali khanda, anaphunzira kalasi, analowa mpingo, anali kuimba kwaya. Nanga lero ndim'thamangitse?"

Ndidziwa kuti si iwo okha. Alipo ena pakati pathu amene akusenza katundu yemweyu, koma amam'bisa pansi pa cobvala ca Cigwirizano cifukwa ca manyazi. Tikafunsa za mwana, amangoti ali bwino ku tauni. Cifukwa cace ndapempha kuti tiwerenge za Tomasi.

Madzulo a tsiku la kuuka kwa Ambuye, ophunzira anadzitsekera m'nyumba cifukwa ca mantha. Yesu anafika pakati pao, koma Tomasi panalibe. Atam'fotokozera, iye anakana kwamtuwagalu. Anafuna kuona yekha zipsera za misomali ndi kukhudza bala la m'nthiti. Tisam'namizire Tomasi: iye sanakane kuti kuli Mulungu, anali Myuda wopembedza. Koma cimene anafuna ndi comwe ana athu afuna lero, kuti tiwaonetse.

Tsono yang'anani ndime 26. Patapita masiku asanu ndi atatu, ophunzira anasonkhananso m'nyumba, ndipo Yohane akutiuza kuti Tomasi anali nao pamodzi. Kale ndinali kupitirira pa ndime imeneyi mothamanga, kufulumira kukafika pamene Tomasi abvomereza. Lero ndimaima pomwepo. Taganizani masiku amenewo. Anthu khumi nkhope zili ngwee, azimai akubwereza nkhani ya kumanda, ndipo mmodzi wangokhala cete pambali, mumtima akuti anzangawa cisoni cawasokoneza mutu. Sabata yonse yathunthu. Malembo satiuza zimene anakambirana, atiuza cabe kuti pamene Yesu anabweranso, anam'peza Tomasi ali m'nyumba. Palibe anam'tsekera kunja. Ndipo ndani akanalimba mtima kutero? Amuna omwewo, pa Luka 24:11, anayesa mau a Mariya wa Magadala ndi anzake ngati nkhani zopanda pake. Ife azimai tidziwa bwino kuwawa kwa kunena zoona koma osamveka.

Tisanayankhe anthu okana Mulungu, tiyeni tiyambe tamva bwino cimene anena, pakuti ambiri a ife timayankha funso limene sanafunse. Mmodzi wochuka mwa iwo ndi Richard Dawkins, katswiri wa sayansi ya zamoyo amene anaphunzitsa ku Oxford. Anabadwira ku Nairobi mu 1941, ndipo ali mwana anakhalako ku Nyasaland, kwa anansi athu kuseri kwa Mchinji. Mu 2006 anatulutsa buku lochedwa The God Delusion, limene linawerengedwa m'maiko ambiri. Maganizo ake ndi a anzake ndi akuti cikhulupiriro ndico kubvomera cinthu popanda umboni, ndi kuti munthu wanzeru ayenera kulandira zokhazo zimene zingayesedwe. Amanenanso kuti ife ndife Akristu cifukwa cabe tinabadwira m'nyumba za Akristu. Tikanabadwira ku Saudi Arabia tikanakhala Asilamu.

Mau otsirizawa ali ndi zoona pang'ono, tisakane. Ambiri tinamva za Yesu tili kumsana kwa amai athu. Koma amene anatiuza kuti moto umaocha ndi amai omwewo, ndipo moto uochadi. Njira imene nkhani yafikira kwa iwe siisandutsa nkhaniyo bodza. Komanso makolo athu amene anamva uthenga pamene amishoni anafika pa Magwero mu 1899 sanabadwire m'nyumba za Akristu. Mulungu anali kum'dziwa kale, anali kum'chula Cauta, Namalenga. Za Kristu anazimva ali akuluakulu, anazisinkhasinkha, ena anakana, ena analandira ngakhale abale anawaseka.

Nanga cikhulupiriro ndico kutsinzina maso? Amene munaphunzira kalasi kumbukirani funso 21 la Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563. Yankho lake liphunzitsa kuti cikhulupiriro coona cili ndi mbali ziwiri: kudziwa motsimikiza zimene Mulungu waulula m'Mau ake, ndi kum'dalira ndi mtima wonse kuti cikhululukiro si ca ena okha, koma ndi canganso. Kudziwa kulipo. Ndipo onani mmene Ambuye anacitira ndi Tomasi. Sanam'kalipire cifukwa cofuna umboni. Anatambasula manja, nam'lola kuona ndi kukhudza.

Okana Mulungu amakonda kuloza ndime 29, pamene Yesu adalitsa iwo okhulupirira asanaone. Amati, mwaona, Yesu wanu ayamikira umbuli. Koma werengani ndime ziwiri zotsatira. Yohane akufotokoza kuti analemba zizindikiro zimenezi ndi colinga cakuti owerenga akhulupirire. Ndiye kuti ife amene sitinaone tapatsidwa mboni. Paulo naye pa 1 Akorinto 15 achula mboni maina, Kefa, Yakobo, khumi ndi awiriwo, naonjeza abale oposa 500, nanena kuti ambiri a iwo anali akali moyo pamene iye anali kulemba. Munthu wopeka nkhani sakutuma kuti ukafunse anthu amoyo. Ndani wa ife anaona tsiku la kubadwa kwake? Komatu timalilemba pa registi popanda kukayika, cifukwa tikhulupirira amene analipo. Moyo wonse wa munthu, wopemphera ndi wosapemphera yemwe, uyenda pa mau a mboni zodalirika.

Apa ndisakunamizeni, azimai anzanga. Mwana wanu wophunzira adzayankha kuti mboni zingathe kulakwa, ndipo mkangano sudzatha usiku umenewo. Mulungu sitingathe kumuika pa sikelo ngati thumba la cimanga kuti aliyense aone kulemera kwake. Sayansi imayesa zolengedwa, ndipo imagwira nchito yake bwino. Tiyamika Mulungu cifukwa ca katemera ndi mankhwala a malungo. Koma funso lakuti n'cifukwa ninji pali zinthu m'malo mwakuti pasakhale kanthu, kapena n'cifukwa ninji kupondereza wamasiye kuli koipa ngakhale palibe wakuona, silingayankhidwe ndi makina. Pamenepo wokana Mulungu nayenso amaima pa zimene sangathe kuziyesa. Mungathe kum'funsa zimenezi mofatsa, monga 1 Petro 3:15 atilangiza kuyankha mofatsa ndi mwaulemu.

Ndipo musaope kuti maphunziro ndiwo amapha cikhulupiriro. M'caka comweco ca 2006 munatulukanso buku lina, The Language of God, lolembedwa ndi Francis Collins wa ku America, dokotala amene anatsogolera nchito yaikulu yowerenga malangizo a cibadwa ca munthu obisika m'maselo a thupi lathu. Iyeyu ali mnyamata anali wokana Mulungu. Pamene anali kuphunzira udokotala, mai wina wokalamba wodwala mtima anam'fotokozera za cikhulupiriro cake, kenaka nam'funsa kuti nanga iye akhulupirira ciani. Collins anasowa coyankha. Anazindikira kuti iye, munthu wa sayansi, anakana cinthu asanacifufuze. Anayamba kuwerenga ndi kufunsa, ndipo ali ndi zaka 27 anakhala Mkristu. Akatswiri awiri a zamoyo, mabuku awiri m'caka cimodzi, wina akuti kulibe Mulungu, wina akum'pembedza. Ine cimene cimandikhudza ndi mai wodwala uja. Analibe madigiri. Anangonena cimene adziwa, nafunsa funso limodzi ali gone pabedi.

Tibwerere kwa mnyamata wathu uja. Ndinawalangiza amai ake kuti asayambe ndi kulalikira, ayambe ndi kufunsa. Akulu anati safunsa anadya phula. Patapita masiku, ali awiri kumunda, anam'funsa kuti zinayamba liti. Yankho lake silinali la m'mabuku konse. Mlongo wake wamkulu anadwala nthawi yaitali, ndipo anali kupezako bwino ndi mankhwala a ku cipatala. Kenaka kunabwera munthu wina wodzicha mneneri, nam'gulitsa madzi m'botolo, namuuza kuti wacira, ndi kuti kupitiriza kumwa mankhwala ndiko kukayika Mulungu. Mtsikanayo anataya mankhwala. Isanathe miyezi ingapo anamuika m'manda, nasiya ana awiri. Pa maliro anthu anati ndi cifuniro ca Mulungu. Mnyamatayo anati, "Amama, tsiku lomwelo ndinati ngati cikhulupiriro ndi cimeneci, ine ndacoka. Mabuku ndinawapeza pambuyo pake."

Kodi tim'yankhe ciani mwana wotere? Pa cinthu cimodzi iye ndi Dawkins anena zoona: cilipo cikhulupiriro cimene cimapha. Kukhulupirira munthu aliyense wobvala suti wonyamula Baibulo, osam'yesa, ndi ucitsiru, ndipo 1 Yohane 4:1 atilamula kuyesa mizimu. Mau a Mulungu sanaletse mankhwala. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga. Ifenso tili ndi mlandu pamene tiona mnzathu akusokeretsedwa koma tingokhala cete kuopa kudana naye. Dziko lathu linalengezedwa kuti ndi la Cikristu ndi Pulezidenti Frederick Chiluba pa 29 December 1991, ndipo mau amenewa analowa m'Malamulo a dziko mu 1996. Koma ana athu samawerenga Malamulo okha. Amaona abale opemphera akulanda katundu wa mai wamasiye maliro asanathe. Amatimva tikuimba m'chalichi, natimvanso tikujeda panjira pobwerera. Paulo pa Aroma 2:24 anacenjeza kuti dzina la Mulungu linganyozedwe cifukwa ca anthu ake omwe.

Koma funso lake lalikulu, lakuti Mulungu anali kuti pamene mlongo wake anali kufa, ine ndilibe yankho lokwana, ndipo ndikupemphani kuti musapeke lanu. Abwenzi a Yobu anacita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye cete. Anayamba kulakwa atatsegula pakamwa, ndipo pa mapeto Mulungu anawadzudzula iwo, osati Yobu amene anafunsa mafunso owawa. Cimene ndinawauza amai aja ndi ici: onani cimene Yesu anaonetsa Tomasi. Sanam'citire cozizwitsa catsopano. Anamuonetsa mabala. Ambuye wouka kwa akufa anasunga zipsera m'thupi lake, ndipo ndi zipserazo zimene zinacititsa Tomasi kubvomereza kuti Yesu ndiye Ambuye ndi Mulungu wake. Mulungu amene timpembedza analowa yekha m'zowawa zathu, anafa imfa ya manyazi, amai ake ali ciimire pafupi. Ici sicifotokoza cifukwa ca maliro aliwonse, koma cititsimikizira kuti sitilira kwa Mulungu wosadziwa manda.

Ndipo kwa inu amene mufunsa kuti munalakwa pati, imvani ciphunzitso ca mpingo wathu. Aefeso 2:8 atiuza kuti cipulumutso ndi mphatso, ndipo Katekisma pa funso 65 aphunzitsa kuti Mzimu Woyera ndiye amabala cikhulupiriro m'mitima mwa kulalikidwa kwa Uthenga Wabwino. Mai angathe kuyamwitsa mwana, kum'phunzitsa kupemphera, kum'perekeza ku Sande sukulu. Kum'patsa mtima watsopano sangathe. Ophunzira khumi analephera kum'tembenuza Tomasi ngakhale anaona Ambuye ndi maso ao. Nchito yao inali kunena zimene anaona ndi kum'sungira malo mpaka Mwini wake atabwera. Tsono inu amene ana anu onse ali mu mpingo, musayang'ane mnzanu ndi diso la m'mbali, pakuti simunagule cisomo cimeneco. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Amai aja anakambirana ndi amuna ao usiku wonse, ndipo mothandizidwa ndi mkulu wina wa mpingo, atate anabweza mau ao. Mnyamata sanathamangitsidwe. Anagwirizana kuti pa cakudya pemphero lidzacitika monga mwa masiku onse. Iye sadzakakamizidwa kupemphera, ndipo naye sadzanyoza. Anatsiriza sukulu, agwira nchito, ndipo ndiye alipirira ana a mlongo wake ku sukulu. Ku chalichi sanabwererebe. Ndikanakonda kukuuzani kuti anabvomereza ngati Tomasi, koma kungakhale kunama.

Tsiku limene banja linapita kukalambula manda a mtsikana uja, iye anabwera ndi khasu lake, nalima kufikira thukuta. Atatha, amai ake anagwada kupemphera. Potsegula maso anaona kuti mnyamatayo waima pambali, wabvula cisote, akuwadikira. Pobwerera anawanyamulira Baibulo ndi citenje copindira. Atandiuza zimenezi ndinawafunsa ngati aona kuti mtima wake wayamba kufewa. Anapukusa mutu nati, "Sindidziwa, amai. Mwina ndi ulemu cabe. Koma Lacisanu abweranso, ndipo ndam'sungira nkhuku."