Matakisi akuda a ku Belfast: kodi n'koyenera kulipira kuti uone mabala a ena?

Mumzinda wa Belfast, likulu la Northern Ireland, mlendo amatha kulipira dalaivala wa takisi yakuda kuti amuyendetse kwa ola limodzi kapena awiri m'misewu momwe anthu ankaphana. Ulendowu umadzera ku Falls Road, kwa Akatolika, omwe ambiri amafuna kuti chilumba chonse cha Ireland chikhale dziko limodzi, kenako nkudutsa pa geti lachitsulo kulowa ku Shankill Road, kwa Apulotesitanti, omwe amafuna kukhalabe pansi pa ufumu wa Britain. Pakati pa madera awiriwa pali khoma la Cupar Way, lalitali kuposa nyumba zoyandikana nalo, limodzi mwa makoma omwe eni ake amawatcha a mtendere. Ziwawa zimene zinabala makomawa zinakula mu 1969 ndipo zinapha anthu pafupifupi 3,500 pofika pa pangano la mtendere lotchedwa Pangano la Lachisanu Loyera la pa 10 Epulo 1998. Amasiye a nkhondoyo akadali moyo, ndipo ena mwa amene ankawombera mfuti amagula buledi m'golosale imodzi ndi ana a anthu amene anawapha. Choncho wodandaula kuti bizinesi imeneyi ndi yonyansa sakulankhula zopanda mutu. Komabe ine ndikuti maulendowa ndi oyenera, ndipo chimene chimawayenereza ndi chomwe ambiri amawanenera: kuti dalaivala ali ndi mbali.

Takisi yakudayo sinabwere chifukwa cha alendo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mabasi ankalandidwa ndi kutenthedwa kuti atsekere misewu, moti nthawi zambiri ankaleka kufika kumadzulo kwa mzindawu. Anthu anayamba kugula matakisi akale ku London nkumanyamula anzawo opita kuntchito, anthu angapo m'galimoto imodzi, aliyense akulipira kandalama kochepa. Ku Falls kunali matakisi ake, ku Shankill ake. Ntchitoyi inalandiranso anthu otuluka m'ndende amene sakanalembedwa kwina, ndipo madalaivala ena anaphedwa ali pa chiwongolero chifukwa cha dera lomwe ankachokera. Mtendere utabwera, galimoto zomwezo zinayamba kunyamula anthu a makamera. Mbiri imeneyi ikusintha funso lathu. Wogulitsa nkhaniyi si mlendo wodzapindula ndi misozi ya eni dera. Kawirikawiri ndi mwana wa m'misewu yomweyo, amene akufotokoza zimene zinagwera iye, bambo ake kapena oyandikana nawo.

Wotsutsa woyamba amati chisoni sichigulitsidwa, ndipo amaloza Bombay Street. Msewu umenewu unatenthedwa mu Ogasiti 1969 ndi gulu lochokera mbali ya Apulotesitanti, nkumangidwanso, ndipo lero nyumba zake zotsamira khoma zili ndi mawaya achitsulo pamwamba pa mabwalo akuseri kuti miyala ndi mabotolo oponyedwa kuchokera kuseri kwa khomalo asagwere ana. M'nyumbazo mukukhala anthu, akuphika, akuyanika zovala, takisi nkuima pakhomo alendo nkumajambula. N'zochititsa manyazi ndithu, monganso kuona munthu akumwetulira pa chithunzi kutsogolo kwa nkhope yojambulidwa pakhoma ya Bobby Sands wa IRA, gulu la zida la mbali ya Akatolika, yemwe anamwalira pa 5 Meyi 1981 atakana chakudya kwa masiku 66 m'ndende ya Maze. Koma kodi choipacho ndi ndalamayo? Pamaliro a kwathu ndalama zimayenda ndithu: chipepeso chimalembedwa m'kope, adzukulu amadyetsedwa, ndipo palibe amene amati chisoni chagulitsidwa. Chimene timanyansidwa nacho ndi munthu wodzaonerera, wosuzumira m'bokosi kuti akapeze chokamba. Wodzakhuza amakhala pansi, amamva namfedwa akufotokoza mmene matenda anayambira ngakhale akhale atamva kale kwa ena, ndipo samudula mawu. Kusiyana kwa awiriwa kuli pa amene akulankhula ndi amene wakhala chete. M'takisi, pamene mlendo watsekeredwa m'kagalimoto ndi mwini nkhani kwa maola awiri, mpata woti akhale wokhuza ndi waukulu kusiyana ndi m'basi yaikulu ya alendo yomwe imangodutsa mawu akutuluka m'sipika.

Wotsutsa wachiwiri ndiye ali ndi mfundo yolemera. Iye amati mlendo amapita kukaphunzira mbiri koma amakamva ndale. Dalaivala wa ku Falls adzayambira pa tsankho lomwe Akatolika ankakumana nalo pa nyumba, ntchito ndi mavoti, adzanena za kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu komwe kunayamba mu Ogasiti 1971, ndi za anthu khumi a ku Ballymurphy amene anawomberedwa m'masiku omwewo, omwe kafukufuku wa khoti mu 2021 anapeza kuti anali osalakwa konse. Wa ku Shankill adzayambira pa 21 Julaye 1972, tsiku lomwe IRA inaphulitsa mabomba pafupifupi 20 mumzindawu nkupha anthu 9, ndipo adzaima pamalo pomwe panali sitolo ya nsomba ya Frizzell, imene bomba linagwetsa pa 23 Okutobala 1993, Loweruka masana anthu akugula ndiwo. Onsewa akunena zoona. Aliyense akusiya zoona za mnzake. Wotsutsayo amafuna munthu wachitatu, wopanda mbali, woti aziike zonse pa sikelo.

Munthu wachitatuyo apezeka kuti? Northern Ireland sinakhale ndi komiti yofufuza choonadi ngati ija ya ku South Africa yomwe Desmond Tutu anatsogolera kuyambira 1996, ndipo mpaka pano mbali ziwirizi sizinagwirizane ngakhale pa funso loti wozunzidwa ndi ndani. Boma la Britain silingakhale woweruza chifukwa asilikali ake ali m'mlanduwo. Liwu lopanda mbali, mumzinda wotere, nthawi zambiri ndi la munthu amene sanaikepo mbale wake m'manda, kapena la amene wabisa kumene waima, ndipo wobisayo ndi woopsa kuposa wodziulula. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 19, sichilamula kuti pafunidwe mboni yopanda mtima. Chimalamula kuti mlandu usathere pa mboni imodzi. Mboni imakhala mboni chifukwa inalipo, ndipo amene analipo anaona ali pamalo amodzi, kuseri kwa khoma lina. Vuto silibwera chifukwa dalaivala ali ndi mbali. Limabwera pamene mlendo wamva m'modzi nkuganiza kuti mlandu watha. Anthu a ku Belfast eni ake anazindikira izi: pali maulendo oyenda pansi okonzedwa ndi mabungwe a omwe kale anali akaidi, Coiste ku mbali ya Falls ndi EPIC ku mbali ya Shankill, momwe wotsogolera m'modzi amafikitsa alendo pa geti nkuwapereka kwa mnzake wa tsidya linalo. Anthu awiri amene zaka zapitazo akanawomberana amagawana alendo, aliyense akudziwa kuti mnzake akatsutsa zimene iye wanena. Mlendo amabwerera ndi nkhani ziwiri zosalumikizana, ndipo kusalumikizanako ndiko chinthu choona kwambiri chimene angaphunzire za mzindawu.

Pa chipembedzo madalaivala ambiri amafulumira kunena kuti nkhondoyi sinali ya Misa kapena ya Papa, inali ya mbendera ndi ulamuliro. N'zoona, ngakhale kuti mipingo singasambe m'manja msanga chotero pamene ana osakwana 10 pa 100 alionse ndi amene amaphunzira m'sukulu zophatikiza mbali zonse ziwiri. Koma pafupi ndi Bombay Street pali nyumba ya ansembe ya Clonard, komwe ankakhala Bambo Alec Reid, amene anathandiza mwakachetechete kuti John Hume ndi Gerry Adams, atsogoleri andale a mbali ya Akatolika, ayambe kukambirana za mtendere. Pa 19 Malichi 1988, asilikali awiri a Britain atalowa ndi galimoto pamdipiti wa maliro a munthu wa IRA nkugwidwa, kumenyedwa ndi kuwomberedwa, wansembe ameneyu anagwada pambali pa mitembo yawo kuwapempherera. Anali wa m'dera la Akatolika, ophedwawo anali a gulu limene dera lake linkadana nalo. M'fanizo la Msamariya pa Luka 10, wansembe ndi Mlevi nawonso anamuona wovulala uja. Kuona pakokha sikunawayeretse. Choncho sindikunena kuti aliyense wokwera takisi yakuda wachita chinthu chopatulika. Ndikuti kuona ndi poyambira pofunika, ndipo mzinda umene ungabise makoma ake kwa alendo ungawabisenso kwa ana ake okhala m'madera olemera a kummwera, omwe ena sanapondepo ku Cupar Way.

Pali mfundo imodzi ya otsutsa imene sindingaigwetse. Msika umasankha nkhani. Mlendo amakopeka ndi mfuti, ndipo makoma a mbali zonse ziwiri ajambulidwa kwambiri amuna a m'magulu a zida: a IRA ku Falls, a UVF ndi UDA ku Shankill. Chonsecho oposa theka la ophedwa anali anthu wamba. M'sitolo ya Frizzell munafa atsikana awiri, wina wa zaka 7, wina wa zaka 13, ndipo patangotha sabata a UDA anabwezera ku Greysteel, nkupha anthu 8 amene ankacheza m'bala. Anthu otere sakhala ndi gulu lowagulira penti. Ulendo womwe ungoyenda kuchoka pa ngwazi ya mfuti kupita pa inzake umasandutsa nkhondo kukhala mpikisano wa matimu awiri, oonerera ali pakati. Mankhwala ake si kuletsa matakisi koma kufunsa dalaivala za amene sali pakhomapo, ndi kudziwa kuti maina awo alipo: buku la Lost Lives, lotuluka mu 1999, linalemba wophedwa aliyense ndi mmene anafera, ndipo anthu ngati Alan McBride, amene mkazi wake anafera m'bomba la ku Shankill lija, akhala akutumikira ovulala a mbali zonse kudzera m'bungwe la WAVE.

Ena amafika poti ndalama za alendo ndi zimene zikuchirikiza makomawo, popeza mu 2013 boma la Northern Ireland linalonjeza kuwagumula onse pofika 2023 ndipo ambiri alipobe. Kumeneko n'kumupatsa mlendo mphamvu zimene alibe. Mlendo ndi mame. Mu Epulo 2021 achinyamata a mbali ziwirizi anagendana ndi mabotolo a petulo pa geti la Lanark Way, basi nkutenthedwa ku Shankill Road, ndipo amene anagona ndi mantha usiku umenewo anali mabanja oyandikana ndi khomalo. Lonjezo la 2013 lomwelo linanena kuti khoma lidzagwa pokhapokha okhala mbali zonse ziwiri atavomereza, ndipo m'malo ambiri sanavomerezebe.